Nyali ya BMW R100RT Yakale Ikuwala Mofooka: Ndiyambire Pati?

Funso: Ndili ndi njinga yamoto ya BMW R100RT ya chaka cha 1983 imene ndinagula ku Johannesburg. Injini ili bwinobwino, koma nyali yakutsogolo imawala mofiirira ngati koloboyi. Ndikamabwerera ku Lilongwe kuchokera ku Ntcheu usiku pa M1, wapanjinga yakapalasa ndimamuona ndili naye pafupi kale. Anzanga ena akuti ndiikemo babu la ma watt 100, ena akuti ndiike LED. Ndimvere ati, ndipo ndisinthe bwanji osaononga mawaya? Wowerenga wa ku Lilongwe.

Yankho: Achimwene, babu la ma watt 100 lija lisiyeni m'shopu momwemo, ndipo za LED mudikire kaye. Nyali ya R100RT sinali yofooka pomwe inkatuluka m'fakitale. Ndi nyali yaikulu ya Bosch yokhala ndi babu la H4, lomwelo limene likuunikira maminibasi ambiri pa M1 pomwepo. Ngati lero ikufiira, ndiye kuti kuwalako kukutayikira penapake: m'mawaya amene apitirira zaka 40, pa reflector (mbale yonyezimira ya kuseri kwa babu) yothimbirira, pa galasi, kapena nyaliyo yangoloza kolakwika. Mukaika babu lamphamvu zonsezi zili chomwecho, mwasenzetsa katundu mawaya otopa kale, ndipo chotsatira chake ndi fungo la pulasitiki yopserera pa handulo.

Babu la H4 lili ndi timawaya tiwiri toyaka, ka fulu ka ma watt 60 ndi ka dimu ka ma watt 55. Likalandira ma volt 13.2 limatulutsa ma lumen (muyeso wa kuwala) pafupifupi 1,650 pa fulu ndi 1,000 pa dimu. Vuto la babu la halogen ngati limeneli ndi loti magetsi akachepa pang'ono chabe, kuwala kumagwa kwambiri. Likalandira ma volt 12.5, kuwala kumatsala pafupifupi 83 pa 100 aliwonse. Pa ma volt 12 kumatsala 72. Pa ma volt 11.5 kumatsala pafupifupi 63, ndipo mtundu wake umayamba kufiira monga mukuoneramo. Njinga zakale zambiri zimataya volt imodzi kapena kuposerapo pakati pa batire ndi babu. Kuwala kumene mukufuna kukagula, gawo lalikulu muli nako kale, kukungothera m'njira.

Yambani n'kuona babu limene lilimo. Masulani kaye waya wa ethi pa batire, chifukwa pa njinga za chaka chimenechi chigoba cha nyali ndi momwe mumakumanirana mawaya ambiri, mafyuzi alinso momwemo, ndipo sikuludiraiva ikangogunda polakwika muona moto. Pa RT nyali ili kuseri kwa galasi lina la pa fairing, chotchinga mphepo cha kutsogolo kwa njinga. Pindani labala wa m'makona mwa galasilo, mupeza masikuluu ake. Masulani, muchotse galasi pamodzi ndi labala wozungulira, ndipo muike pansalu chifukwa galasi limeneli ndi lovuta kulipeza. Kenako masulani sikuluu ya pansi pa mkombero wa nyali, mukoke mkomberowo kuyambira m'munsi, utuluka pamodzi ndi galasi ndi reflector. Zulani pulagi ya mano atatu, mutsegule kawaya kogwira babu, babulo lituluka. Musanagwedeze china chilichonse m'chigobamo, jambulani ndi foni.

Werengani zolembedwa patsinde pa babu. Liyenera kukhala H4 12V 60/55W. Pali mababu awiri amene amapusitsa anthu. Loyamba ndi H4 ya malole, yolembedwa 24V 75/70W. Maonekedwe ndi amodzimodzi, imalowa bwinobwino, koma pa njinga ya ma volt 12 imangofiira basi. Lachiwiri ndi HS1 35/35W, babu la njinga zing'onozing'ono ngati za kabaza, limene ladzaza m'mashopu a zipangizo za njinga zamoto. Tsinde lake limafanana kwambiri ndi la H4 moti anthu ena amalikakamiza kulowa, koma mphamvu yake ndi yochepa ndipo silikhazikika bwino. Ngati mwapeza limodzi mwa amenewa, theka la vuto lanu latha. Onaninso galasi la babulo: likada kapena kuoneka lautsi mkati, babu lakalamba ngakhale likuyakabe. Babu latsopano musaligwire pagalasi ndi zala, mafuta a pakhungu amapanga malo otentha kwambiri ndipo babu limafa msanga. Mukaligwira mwangozi, pukutani ndi sipiriti, liume.

Tsopano kuyeza, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalitse. Mufunika multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, ngakhale yotchipa. Bwezerani ethi, mulumikize babu, nyali ikhale yotsegula choncho. Injini isanalire, batire labwino limaonetsa ma volt 12.6 kapena pafupi. Lizani injini, yatsani dimu, mukweze mpaka ma rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi) 3,000 kapena 3,500. Pa batire payenera kuoneka pakati pa 13.8 ndi 14.2. Ngati pakuoneka 13 kapena kucheperapo, vuto layambira ku chaji, ndipo mukonze kumeneko kaye: ma brush a alternator, rotor, diode board kapena regulator. Chenjezo limodzi lalikulu: musachotse chivundikiro chakutsogolo kwa injini batire lili lolumikiza. Chikangogunda diode board, mwaiotcha.

Chaji ikakhala bwino, yezani zimene zikutayika. Mawaya a BMW amatsata mitundu ya ku Germany: wachikasu ndi wa dimu, woyera ndi wa fulu, wabulauni ndi ethi. Injini ikulira, dimu ili yoyaka, ikani chingwe chofiira cha multimeter pa + ya batire, chakuda pa dzino la waya wachikasu kuseri kwa pulagi ya babu. Nambala imene ikuoneka ndi ma volt amene akuthera m'njira. Pansi pa 0.5 ndi bwino. Kuyambira 0.8 kupita m'mwamba pali ntchito. Chitani chimodzimodzi pa fulu ndi waya woyera. Kenako yezani ethi: chingwe chimodzi pa dzino la waya wabulauni, china pa − ya batire. Apa isapitirire 0.2.

Ena amayeza ndi ma ohm nyali itazima n'kunena kuti waya ali bwino. Kuyeza kumeneko kumanamiza. Waya woti watsala ndi timaulusi titatu tokha amaonetsabe pafupifupi ziro pa multimeter, koma akasenza ma amp 5 ndi pomwe amagonja. Tiwerengere pang'ono: malo amodzi a dzimbiri okhala ndi 0.2 ohm, akadutsamo ma amp 5, amadya volt imodzi yathunthu n'kutulutsa kutentha kwa ma watt 5 pakachitsulo kochepa ngati mutu wa machesi. Babu la ma watt 100 limakoka ma amp pafupifupi 8, ndipo pamalo omwewo kutentha kumafika ma watt 13. Ndicho chifukwa chake swichi ya dimu ndi fulu imasungunuka, ndipo swichi ya handulo ya njinga imeneyi simungaipeze pamsika wamba.

Mukapeza kuti ma volt akutayika, yendani ndi chingwe chakuda chija kubwerera m'mbuyo, malo ndi malo: potuluka pa swichi ya handulo, polowa pake, pa relay (kaswichi kodzutsidwa ndi magetsi) ya fakitale, pa swichi ya kiyi. Pamene nambala yatsika mwadzidzidzi ndi pamene pali vuto. Tsukani mano onse ndi sandipepa yosalala ndi mankhwala otsukira zamagetsi, finyani pang'ono ndi pulayala timakamwa tachikazi totakasuka, mupake girisi wopyapyala wa zamagetsi kuti chinyezi chisalowe. Soketi ya babu ikakhala yakuda kapena yopindika ndi moto, isinthidwe, ndipo musankhe ya ceramic. Musaiwale waya wamkulu wa ethi amene amamangidwa pa giya bokosi, pa bawuti yogwira kebulo ya sipidomita. Bawuti imeneyi ndi yobooka pakati chifukwa giya bokosi imapumira pomwepo, choncho imangeni mofatsa, imathyoka msanga.

Kutsuka kumabweza gawo lina, koma mphamvu yonse ya babu imakhala ikudutsabe pa swichi ya handulo ndi m'mawaya opyapyala akale. Mankhwala enieni ndi ma relay awiri, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingakulangizeni kuwonongerapo ndalama ndi nthawi, ndi chimenechi. Magetsi amachoka pa batire kupita ku babu mwachindunji kudzera m'waya wonenepa, swichi yakale n'kutsala ndi ntchito yongodzutsa relay, imene imakoka pafupifupi 0.15 amp basi.

Zofunika ndi izi: ma relay awiri a galimoto a ma volt 12, a ma amp 30, a mano anayi, pamodzi ndi masoketi ake, mafyuzi awiri a ma amp 15 okhala ndi tinyumba tosalowa madzi, waya wa 2.5 mm², mamita pafupifupi 6, wofiira ndi wakuda. Soketi ya ceramic ya H4. Pulagi yachimuna ya H4 yolowa m'soketi yakale. Mitu ya mawaya, heat shrink (timapaipi tokutira mawaya tofinyika ndi moto) ndi zomangira. Waya mumusamale pogula. Palani kaulusi kamodzi ndi mpeni: kakayera mkati, ameneyo ndi aluminiyamu wokutidwa kopa, amatentha ndipo amathyoka ndi kunjenjemera kwa njinga. Wa kopa weniweni wa 2.5 mm² amataya osakwana 0.1 volt pa mamita awiri akasenza ma amp 5.

Mano a relay ali ndi manambala. Dzino 30 limalandira waya wofiira wochokera pa + ya batire kudzera pa fyuzi. Dzino 87 limapita ku babu: relay yoyamba ku dzino la dimu, lomwe ndi lapakati pamwamba, yachiwiri ku dzino la fulu. Dzino 86 limalandira waya wakale, wachikasu pa relay ya dimu, woyera pa relay ya fulu. Dzino 85 ndi ethi. Musasinthanitse 85 ndi 86, chifukwa ma relay ena ali ndi diode mkati ndipo mukatembenuza mwapanga shoti. Ethi ya babu ikhale waya wakewake wa 2.5 mm² wobwerera mpaka ku − ya batire. Musadalire chitsulo cha fairing, ndipo musachepetse waya ameneyu, chifukwa mukaphethiritsa fulu dimu ili yoyaka, timawaya tonse tiwiri timayaka limodzi ndipo ethiyo imasenza ma amp pafupifupi 10.

Pulagi yachimuna ija ndi yothandiza chifukwa simudula waya aliyense wa fakitale. Mumangoilowetsa m'soketi yakale n'kutengapo mawaya opita ku 86 ndi 85. Tsiku lina relay ikafa muli kutali, mumazula pulagiyo, soketi yakale n'kuibweza pa babu, ulendo n'kupitirira. Mafyuzi akhale awiri, dimu yake, fulu yake, kuti imodzi ikapsa musatsale mumdima pakati pa msewu. Aikeni pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 15 kapena 20, chifukwa waya yense amene ali pakati pa batire ndi fyuzi alibe chomuteteza. Chotsani thanki, muyendetse mawaya motsatira ena akale pa chitsulo chapakati, kutali ndi injini yotentha ndi m'mphepete mwakuthwa. Ma relay akhale pouma, mano ataloza pansi kuti madzi asadikhamo. Mitu ya mawaya ifinyidwe ndi chofinyira chenicheni, osati kupotokola n'kukulunga tepi. Musanabwezere thanki, khotetsani handulo mbali zonse mpaka kumapeto, muone ngati palibe waya akukokeka kapena kupanika.

Yezaninso. Muyenera kuona 0.2 kapena 0.3 pamene panali volt yathunthu. Dziwani kuti babu likayamba kulandira magetsi okwanira, moyo wake umafupikirako poyerekeza ndi nthawi imene linkangofiira. Palibe cholakwika pamenepo, muziyenda ndi lina lapadera ndi mafyuzi awiri. Koma mababu akamapsa motsatizana, yezani batire pa ma rpm okwera, ikapitirira 14.5, regulator ili ndi mlandu.

Nyali ili yotsegula choncho, yang'anani reflector, mbale yonyezimira ija. Kunyezimira kwake ndi kakhungu kopyapyala kwambiri ka aluminiyamu, moti mukapukuta ndi nsalu mumakachotsa, ndipo sikabwerera. Pa nyali imeneyi galasi ndi reflector zimalekana. Zimagwidwa ndi timasipuling'i ta waya m'mkombero, timene timadumpha pochotsa, choncho tchinjirizani maso. Galasi litsukeni mkati ndi kunja ndi sopo wa mbale, mudzadabwa utsi umene umachoka. Reflector ithireni madzi a batire osasakaniza asidi, aja oyera, ndi kadontho ka sopo, muikhutchumule, muitsukuluze, iume yokha. Ngati yachita chikasu, yasuwa kapena yachita dzimbiri m'mwamba, isinthidwe. Dimu imadalira theka lam'mwamba la reflector, ndipo kumeneko ndi kumene kutentha kwa babu kumayambira kuononga. Labala wa pakati pa galasi ndi reflector akauma, fumbi ndi madzi zizilowa, musintheni nayenso. Galasi la pa fairing lija litsukidwenso mkati mwake, chifukwa kuwala kwanu kumadutsa magalasi awiri.

Pa galasi la nyali pali zolemba zimene anthu ambiri saziwerenga. Mupeza E m'kabwalo ndi nambala ya dziko limene linavomereza nyaliyo, monga E1 ya Germany, ndi zilembo HCR zosonyeza kuti ndi ya halogen ya dimu ndi fulu. Fufuzani kamuvi pafupi ndi zilembozo. Mukaima kutsogolo kwa njinga n'kuyang'ana galasi, kamuvi koloza kudzanja lanu lamanja kakutanthauza kuti galasilo ndi la mayiko oyenda kumanzere, monga Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe, South Africa ndi Britain. Kamuvi ka mitu iwiri ndi ka mbali zonse. Ngati palibe kamuvi, galasilo ndi la mayiko oyenda kumanja monga Germany. Njinga yogulidwa ku Johannesburg iyenera kukhala ndi loyenera, koma pa zaka 40 galasi likhoza kusweka n'kusinthidwa ndi lililonse limene linapezeka. Dimu ya galasi loyenera imadula mzere wowongoka kumanja, kumanzere n'kukwera ndi madigiri 15, kuti iunikire m'mphepete mwa msewu momwe mumayenda apanjinga, apansi, ngolo ndi mbuzi. Galasi lolakwika limakweza kuwala kumanja, m'maso mwa amene mukukumana nawo, m'mphepete mwanu n'kusiyamo mdima. Wapanjinga amene mukuti mumamuona mochedwayo akhoza kukhala akubisidwa ndi galasi lokhalo.

Zonsezi zikatheka, babu labwino la 60/55W la kampani yodziwika limakwanira anthu ambiri. Osram Night Breaker ndi Philips RacingVision ndi mababu a ma watt omwewo, koma kawaya kake n'kakang'ono ndi kowala kwambiri, choncho reflector imaponya kuwala patali. Manambala a +150 kapena +200 a pabokosi sakutanthauza kuti kuwala konse kwawirikiza. Akunena za malo owala kwambiri a kutsogolo. Kusiyana kumaoneka ndithu, koma mababu amenewa sakhalitsa ngati wamba. Injini ya njinga imeneyi imanjenjemera ndipo misewu yathu ili ndi maenje, choncho ngati mungapeze H4 yolembedwa kuti ndi ya njinga zamoto, yolimbitsidwa timawaya, ndi yabwino. Mababu opakidwa buluu asiyeni. Utotowo umadya kuwala, maso amangonamizidwa ndi kuyera. Za HID, mababu a gasi opanda kawaya koyaka, m'nyali ya H4 musaganizireko n'komwe: imamwaza kuwala paliponse ndipo imathobwa anthu m'maso koopsa.

Tibwere ku LED. Sindiikana, koma pali LED ndi LED. Reflector ndi galasi lanu zinapangidwa mowerengera kawaya kotalika pafupifupi mamilimita 5, kokhala pamalo amodzi enieni, kowala mbali zonse. Ka dimu kali ndi kambale pansi pake kotchinga kuti kuwala kupite kumwamba kokha kwa reflector, kenako kugwere pansi pamsewu. Mzere wodula uja umachokera pamenepo. Babu la LED limagwira bwino pokhapokha timagetsi take tili pamalo omwewo, tochepa mofanana, pa kabolodi kopyapyala, tikuyang'ana kumanzere ndi kumanja, ndipo pali kotchinga pansi pa ta dimu. Aja a mbali zitatu kapena zinayi, kapena a chigamba chachikulu chowala, amaika kuwala pamene reflector sikukuyembekezera. Zotsatira zake: pafupi ndi tayala pamawala kwambiri, maso anu amachepetsa kuona, patali pamada, ndipo madalaivala akukuphethirirani magetsi njira yonse. Mwiniwake amaona ngati zasintha chifukwa cha kuyera, koma mtunda umene akuona wafupika.

Manambala a pabokosi, monga ma lumen 20,000, musawakhulupirire. Babu lokoka ma watt 25 silingapitirire patali ma lumen 2,500 kapena 3,000. Yezaninso malo kuseri kwa reflector musanagule, chifukwa chigoba cha R100RT n'chodzaza ndi mawaya, ndipo LED ili ndi chitsulo choziziritsira kapena kafani, ena alinso ndi kabokosi kapadera. Kafani kakamwa fumbi la m'chilimwe kamaima, babu limatentha n'kuyamba kuzilala. Mtundu wa kuwala nawo ndi nkhani: pa muyeso wa mtundu wa kuwala, halogen ili pa 3,200K, LED zambiri zili pa 6,000K kapena kuposa, zoyera mopita ku buluu. M'chifunga cha ku Dedza mu June ndi July, m'mvula ndi m'fumbi, kuwala koteroko kumatopetsa maso. Mukapeza ya 4,000K mpaka 5,000K, tengani imeneyo.

Ku Germany, kuyambira 2020, mababu ena a LED a Osram, kenako a Philips, anayamba kuvomerezedwa pamsewu, koma nyali ndi nyali payokha itayesedwa kaye. Zimenezi zikukuuzani kuti babu limodzi likhoza kugwira bwino m'nyali ina n'kulephera m'ina. Ku Britain, kuyambira March 2021, njinga yamoto siilephera MOT, mayeso a fitinesi a kumeneko, chifukwa chongoika LED m'nyali ya halogen, koma kuwala kwake ndi kaloza kake ziyenera kukhoza mayeso. Inunso yesani chomwecho: imikani njinga kutsogolo kwa khoma, jambulani ndi choko mzere wa dimu ya halogen, muike LED osasuntha njinga. Mzere ukakhala wakuthwa pamalo omwewo, pamwamba pake pali mdima, ndipo powala kwambiri pali pansi penipeni pa mzerewo, babulo ndi labwino. Mzere ukasokonekera, libwezeni.

Njira yolongosoka kwambiri ya LED ndi kusintha nyali yonse, kuika ya mainchesi 7, omwe ndi mamilimita 178, yopangidwa ndi magalasi ake, monga za J.W. Speaker kapena Truck-Lite. Ndi zodula, kawirikawiri zimafuna mkombero wapadera kuti zikhazikike m'chigoba cha BMW, ndipo poitanitsa munene kuti mukufuna ya mayiko oyenda kumanzere.

Pamene LED imathandizadi pa njinga imeneyi ndi pa chaji. Alternator yake imatulutsa pafupifupi ma watt 280, ndipo amenewo ndi a pa ma rpm okwera. Injini ikamalira pang'onopang'ono m'tauni, batire ndi limene limadyetsa nyali. Ma watt 30 opulumutsidwa pa nyali ndi phindu lenileni. Koma kababu kamodzi musakasinthe kukhala LED: kofiira ka chaji kolembedwa GEN pa dashibodi. Magetsi oyamba odzutsa rotor amadutsa m'kababu kameneka. Kakapsa, kapena mukaikapo LED imene imadutsitsa magetsi ochepa, alternator imachedwa kapena kulephera kuyamba kuchaja, ndipo mudzasinthasintha mabatire osadziwa chifukwa.

Ngati mumayenda usiku kawirikawiri, nyali ziwiri zothandizira za LED, za ma watt 10 mpaka 20 iliyonse, zomangidwa pa zitsulo zoteteza injini, zimapindula kuposa babu lililonse. Njinga ikapendekeka pokhota, mzere wa dimu umapendekeka nawo ndipo mkati mwa khonalo mumada. Nyali zam'munsizi zimadzaza pamenepo. Zikhale ndi relay ndi fyuzi yakeyake ya ma amp 5 kapena 7.5, ndipo dzino 86 litenge pa waya woyera kudzera pa kaswichi, kuti mukadima nazonso zizime nthawi yomweyo.

Chomaliza ndi kulozetsa nyali, ntchito ya mphindi 15 imene imasintha zambiri. Pezani malo osalala ndi khoma, madzulo. Matayala akhale ndi mpweya woyenera, njinga ichoke pa sitandi, inu mukhalepo monga mumakhalira poyenda. Galasi la nyali litalikirane ndi khoma mamita 10. Mnzanu ayeze kuchokera pansi kufika pakati pa galasi, alembe msinkhu womwewo pakhoma, kenako alembe mzere wina masentimita 10 m'munsi mwake, ndi wina woimirira moyang'anizana ndi pakati pa njinga. Yatsani dimu. Mbali yowongoka ya mzere wodula igone pa mzere wam'munsiwo, ndipo pamene kuwala kumayambira kukwera kumanzere pakhale pa mzere woimirira. Masulani pang'ono mabawuti a m'mbali mwa chigoba, mupendeketse, mumange, muonenso chifukwa pomanga chimasuntha. Malo akachepa, mamita 5 ndi masentimita 5 ndi chimodzimodzi.

Kutsika kwa sentimita imodzi pa mita iliyonse kukutanthauza kuti nyali yokwera masentimita 90 imagunda pansi pa mamita 90. Ikatsika kawiri kuposa pamenepo, dimu imathera pa mamita 45. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola mukudutsa mamita 22 pa sekondi, ndipo kuona chinthu, kugwira mabuleki mpaka kuima kumafuna mamita pafupifupi 70 pa tala wouma. Nyali yoloza pansi kwambiri imakuonetsani ngolo nthawi yoima itadutsa kale. Yoloza m'mwamba nayo imathobwa dalaivala wa lole amene mukudutsana naye pa msewu wopapatiza.

Mukanyamula munthu kumbuyo ndi mabokosi odzaza, kumbuyo kwa njinga kumatsika ndipo nyali imadzuka. Ngati mashoko anu awiri akumbuyo ali osinthika, limbitsani kaye masipuling'i ake pa mulingo wofanana, kenako mubwerere pakhoma paja ndi katundu yenseyo, muone ngati mzere wodula ukadali pa choko. Ngati wakwera, tsitsani nyali, ndipo mulembe kachizindikiro pa chigoba pa malo onse awiri, a muli nokha ndi a mutanyamula, kuti ulendo wina musafunenso khoma.